Nkhope ya Amayi pa Chinsalu

9 Febuluwale

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi aang'ono. Ife kuno tilipo, kungoti alamu ako akudandaula msana. Ndalemba kalata chifukwa foni yanga sukuyankha chimwalirireni amayi. Ndikudziwa kuti unakwiya poti pa maliro ndinangofika m'mawa n'kubwerera madzulo. Ntchito yanga ndi yotero, ukangochoka pang'ono ena amakhala atayamba kale kuyeza mpando wako. Tizisiye zimenezo.

Nyumba ija inatha, tinalowa mwezi wathawu. Pabalaza pali khoma lalikulu loyera moyang'anizana ndi khomo, lilibe kanthu. Alamu ako anapachika kale chithunzi cha makolo awo mbali inayo, ndiye alendo akabwera amafunsa kuti nanga a kuchimuna ali kuti. Ndafufuza m'masutikesi monse, chithunzi cha amayi ndilibe. Chija cha pa chiphaso chawo unati chinanyowa n'kufufutika. Iwe ndiwe mphunzitsi wa zojambula, ndipo unakhala nawo mpaka mapeto. Undijambulire amayi ndi penti, pa chinsalu chachikulu ndithu. Felemu ndigula konkuno. Tikufuna kuitana anthu a kuntchito ndi a kutchalitchi mu Ogasiti, chikhale chitafika.

Nkhani ina ndi ya mwana wathu wamkulu uja. Anasankha phunziro la zojambula kusukulu ine osadziwa. Amene akuwaphunzitsa ndi mphunzitsi wa masamu, amangowawerengera buku. Mayeso ndi kumapeto kwa chaka, ndipo sindikufuna kuti phunziro lachibwana ngati limeneli limugwetsere ena onse. Uzimulembera, umuthandize.

Ndine mlongo wako.

27 Febuluwale

Mwana wanga,

Landira moni wa azakhali ako, amene unawaona komaliza mano ako akutsogolo atangoguluka. Ine ndili bwino. Bambo ako uwauze kuti kalata yawo ndaiona ndipo chithunzi ndijambula. Pa zinazo ndilibe mawu.

Akuti phunziro lathuli ndi lachibwana. Si okha otero. Kuno m'kalasi mwanga anasungamo matumba a simenti ndi madesiki othyoka, ana anga amajambula atatsamira pazenera. Koma tiye tiyambe.

Tenga kapu, uiike patebulo pafupi ndi zenera, utseke chitseko kuti kuwala kuzichokera mbali imodzi. Usafulumire kujambula, yang'ana kaye. Choyamba ndi mzere. Mzere ndiwo umatiuza pamene chinthu chathera. Pensulo uigwire chakumapeto, osati ngati ukulemba mayeso, ndipo uzilemba mopepuka kuti ukalakwitsa usaboole pepala pofufuta.

Kenako kuwala ndi mthunzi. Mbali yoyang'ana zenera yawala, inayo yada, koma pakati pake pali malo amene kuwala kukutha pang'onopang'ono. Pamenepo m'pamene kapu imakhalira yobulungira. Ana ambiri amaopa mthunzi, amaona ngati akudetsa ntchito yawo, ndiye kapu imatuluka yaphwatalala ngati yapondedwa ndi galimoto. Iwe usauope.

Za mitundu, gwira izi. Pali mitundu itatu yoyambira: wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Imeneyi sungaipange posakaniza ina, koma inayo imabadwa mwa iyo. Wachikasu ukakumana ndi wabuluu pamatuluka wobiriwira. Wofiira ndi wachikasu, wa lalanje. Wofiira ndi wabuluu, wapepo. Usangoloweza, yesa ndi manja ako pa mbale yakale, uone ndi maso.

Unditumizire kapuyo, ngakhale ikhale yoipa.

Ndine azakhali ako.

15 Malichi

Azakhali,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Kalata yanu ndinaiwerenga kangapo, mpaka anzanga anaikopera m'makope mwawo. Kapu yanga ndaiika muno. Musaseke chogwirira chake, chikuoneka ngati khutu la munthu. Koma mthunzi uja wagwira ntchito, amami ataiona anafunsa ngati ndachita kudinda.

Vuto ndi penti. Adadi anandigulira kabokosi ka penti wamadzi. Ndikasakaniza mitundu iwiri zimayenda, koma ndikati ndikonzeko pang'ono, zonse zimasanduka matope. Aphunzitsi nditawafunsa anati funso limenelo silibwera pa mayeso.

Azakhali, agogo anali otani? Ine sindikuwakumbuka. Nthawi zonse tikati tibwere patchuthi, pamapezeka chifukwa. Adadi amauza alendo kuti agogo anali oyera, aatali, omwetulira nthawi zonse, ndiponso kuti ankagwira ntchito kuhotela. Ndikawafunsa kuti ntchito yanji, amati ndikalembe homuweki. Mukamajambula muzindiuza chilichonse kuyambira poyamba. Ndikufunitsitsa kudziwa mmene amapangira khungu la munthu ndi penti, chifukwa langa limatuluka ngati la chidole.

Ndine mwana wanu.

6 Epulo

Mwana wanga,

Ndakondwa kumva kuti uli bwino. Kuno amayi aang'ono, mng'ono wawo wa agogo ako, miyendo ikuwavuta, koma pakamwa ali bwinobwino.

Kapu yako ndaipachika m'kalasi. Za matopezo, tsuka burashi usanatenge mtundu wina, sintha madzi akada, ndipo usasakanize mitundu yambiri nthawi imodzi. Penti wamadzi safuna kubwerezabwereza pamalo amodzi. Yamba ndi mitundu yowala, udikire iume, yakuda ibwere pambuyo.

Agogo ako ndikuwajambula ndi penti wamafuta. Ameneyu ndi wodekha, amauma mochedwa, ndipo amalola kupaka wina pamwamba pa mnzake. Ndinakoka chinsalu pa timatabwa n'kuchikhomerera, ndinachipaka choyera kuti nsalu isamwe mafuta, kenako ndinalemberera nkhope mopepuka ndi makala. Khungu silikhala mtundu umodzi. Ndimayamba ndi wofiira, wachikasu ndi kabuluu pang'ono, pamatuluka bulawuni. Pamphumi ndi pamasaya pamene pagunda kuwala ndimawonjezera wachikasu, pansi pa chibwano wabuluu. Penti woyera usamuthamangire, amapha khungu.

Wafunsa za agogo. Anali aafupi, akuda ngati ine. Kuhotela ankagwiradi, koma kuseri, kochapa ndi kusita zofunda za alendo. Ntchito imeneyo ndi imene inaphunzitsa bambo ako. Pamikono anali ndi zipsera za simbi. Zaka zomalizirazi anadwala sitiroko, mbali yakumanzere ya nkhope inagwa, mlomo unapotoka, diso limodzi linkangotuluka misozi. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa ndi sipuni yaing'ono, n'kuwakhazika pampando pafupi ndi zenera ndisanapite kusukulu. Akamaseka ankaseka ndi theka la nkhope, koma phwete lake linkamveka kumsewu.

Ndikuwajambula ali pampando womwewo, manja ali pamiyendo. Ndayesa kukumbukira nkhope yawo yakale, ya ndili mwana, koma ikubwera yosaoneka bwino ngati ya m'madzi ovunduka. Iyi ya kumapetoyi ndiyo ndikuidziwa khwinya lililonse.

Ndine azakhali ako.

2 Juni

Mlongo wanga,

Tili bwino. Katundu wafika ndi kondakitala wa basi, koma ndikanakonda akanasochera panjira.

Ndinamasula pabalaza pamaso pa alamu ako ndi wantchito. Alamu ako anangoti "Mhm" n'kulowa kukhitchini, ndipo iwe suidziwa "mhm" ya alamu ako. Kodi ndinakulakwira chiyani choti undibwezere motere? Ndinapempha chithunzi cha amayi, iwe wanditumizira chithunzi cha matenda. Mlomo wopotoka, diso lonyowa, mikono ya zipsera, juzi yothothoka ulusi. Ngakhale khoma lakumbuyo walijambula ndi mng'alu wake womwe. Ukufuna abwana anga akakhala pasofa aziwerenga umphawi wathu? Ukufuna anthu azinena kuti mayi ake ankavutika chonchi iye akumanga nyumba ya magalasi?

Amayi anga sanali chonchi. Ine ndikuwakumbuka tsiku londiperekeza kukoleji, atavala diresi yabuluu, akuseka mano onse poyera. Amenewo ndiwo ndinkafuna. Ngakhale wojambula wa mumsewu amadziwa kuti munthu womwalira amamukongoletsa.

Mwana wandiuzanso zimene unamulembera zochapa zofunda. Zimenezo si za mayeso.

Jambula china. Uwayeretseko pang'ono, uwongole mlomo, uwaveke bwino. Nthawi ikadalipo.

Ndine mlongo wako.

14 Juni

Achimwene,

Moni ndalandira. Kuno tilipo, monga takhala tilili zaka zonsezi osafunsidwa.

Mukuti ndakubwezerani. Ndikanafuna kubwezera, ndikanajambula tsiku limene ndinawapeza atagwa kubafa, kapena masana aja ankamva basi ikuima pamsewu n'kumandikodola kuti ndikasuzumire ngati ndinu. Sindinajambule zimenezo. Ndinasankha m'mawa wabwino, atasamba, atadya, dzuwa likuwagunda patsaya. Juzi mukuinyozayo ndi imene munawatumizira inu chaka chimene munakwatira. Ankakana kuvala ina.

Diresi yabuluu ndikuikumbuka, anachita kubwereka kwa mnzawo wa kochapira. Mayi amene mukuwakumbukawo munawasiya padepoti muli mnyamata. Anakalamba inu kulibe, anadwala inu kulibe. Pa maliro, bokosi litatsegulidwa, munali panja mukuyankha foni. Ndiye lero mukundiuza ine kuti amayi sanali chonchi?

Ana anga kusukulu ndimawauza kuti azijambula chimene akuona, osati chimene akanakonda kuti chikhalepo. Sindingawauze zimenezo m'mawa, madzulo n'kukapaka mayi anga laimu ngati khoma. China sindijambula. Ngati chakunyansani, chikulungeni bwino mundibwezere ndi basi yomweyo. Musachiike padzuwa, musachigoneke chafufumimba, penti wamkati sanaumitse. Nkhope ya amayi kulibenso kwina kumene ili, ndi pa chinsalu chimenecho basi.

Ndine mlongo wanu.

25 Ogasiti

Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino. Pepani kuti ndakhala chete. Kalata iyi ndaiyamba kangapo n'kumang'amba.

Chithunzi sichinabwerere chifukwa adadi anachiika m'galaja. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkalowamo kukachiyang'ana. Ndinaona mmene munaikira kabuluu pansi pa chibwano, ndi kadontho koyera m'diso lonyowa lija. Ndinkaona ngati agogo akufuna kundifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Tsiku la alendo litayandikira, adadi anabwera ndi machubu a penti wamafuta ndi maburashi atsopano. Anati, "Azakhali ako akhala akukuphunzitsa, eti? Tione ngati makalata aja ali ndi phindu." Ndinakana. Ndinati sindingakhudze ntchito yanu. Anati ndikakana achitengera kwa wolemba zikwangwani wa kumsika, ndiponso phunziro la zojambula ndilisiya sabata yomweyo. Ndinaganiza kuti bola ndichite ine, mwina ndingosintha pang'ono chabe.

Anakhala pampando kumbuyo kwanga. Ndinayamba ndi mlomo. Sindinkadziwa kuti mlomo wa agogo usanapotoke unali wotani, ndiye ndinatengera wa mayi wina wa pa kalendala ya kukhitchini. Mlomo utawongoka, tsaya silinagwirizane nawo, ndinakonza tsaya. Kenako diso. Adadi ankangoti, "Onjezera woyera, onjezera." Munandiuza kuti woyera amapha khungu, ndipo ndinaliona ndi maso anga likufa. Zipsera ndinaziphimba ndi manja aatali a diresi yabuluu. Khoma la mng'alu lija linasanduka katani. Amami anabweretsa mkanda wawo wa ngale kuti ndiuonere pojambula pakhosi.

Alendo anachiyamikira kwambiri. Abwana a adadi anati agogo akuoneka kuti anali mayi wophunzira. Adadi anandiimika pakati pa anthu n'kunena kuti, "Wajambula ndi mwana wanga uyu." Dzina lanu limene munalemba pakona ya chithunzi anandiuza kuti ndilifute, ndinalifuta. Anthu anawomba m'manja, ndipo azakhali, chimene chikundiwawa kwambiri n'choti kwa kanthawi ndinasangalala.

Kodi penti wangayu angachoke? Ndikapukuta ndi palafini agogo abwerera? Ndiuzeni, ndichita adadi ali kuntchito.

Ndine mwana wanu.

8 Sepitembala

Mwana wanga,

Kalata yako ndinaiwerengera m'kalasi ana ali pa buleki. Atabwerera ndinangowapatsa mapepala kuti azijambula zimene akufuna.

Usapukute. Penti wanga anali asanaumitse pamene unapaka wako, ndiye awiriwo agwirana. Palafini sasankha, achotsa zonse, utsala ndi chinsalu chamatope ndi mkwiyo wa bambo ako. Agogo sabwerera.

Sindikunamiza kuti sizinandipweteke. Koma mlandu si wako. Iwe unangogwira burashi, wojambula anali amene anakhala kumbuyo kwakoyo. Ndayesa kuyambanso pa chinsalu china koma dzanja likukana. Ulendo woyamba uja ndinali ndikadali nawo m'maso. Miyezi yapitayi yawachotsa pang'onopang'ono, ndikapeza mphumi mlomo umathawa, ndikapeza mlomo maso amakhala a munthu wina.

Sukulu ikatsekera ubwere kuno. Amayi aang'ono akadali moyo, ndipo mphumi ndi maso ndi za agogo ako zenizeni. Udzawakhazike pazenera, uwajambule mmene alili. Ndidzakuphunzitsa manja, ndiwo ovuta kuposa nkhope.

Ndine azakhali ako.

30 Sepitembala

Mlongo wanga,

Tili bwino. Kalata yako yopita kwa mwana ndinaitsegula ine, ndipo sindinamupatse. Wayamba kusadya bwino ndi kumalira zopanda pake chifukwa cha nkhani zakozo. Patchuthi sabwera, ali ndi maphunziro apadera a masamu. Akangolemba mayeso amenewa zojambula asiya, chaka chamawa atenga za malonda. Usamulemberenso.

Ine ndilibe nawe chakukhosi. Kuti uone kuti n'zoona, ndinaitana munthu wa kamera, anajambula chithunzi chija n'kusindikiza zing'onozing'ono. Ndakutumizira ziwiri zoika kale m'felemu. China upachike m'nyumba ya amayi, china upatse amayi aang'ono. Ukachiona mtima uli m'malo uvomereza kuti mwana anakonza bwino. Umu ndi mmene adzukulu aziwadziwira agogo awo.

Undiuze zikafika, magalasiwo ndi osalimba.

Ndine mlongo wako.

19 Okutobala

Achimwene,

Tilipo. Phukusi lafika, magalasi sanasweke.

Mwanayo sindimulemberanso poti ndi wanu. Mungomuuza kuti mthunzi wa pakhosi anauika bwino. Dzanja ali nalo, ngakhale mwalimanga.

Ndinachita monga munanenera. Loweruka ndinapita kwa amayi aang'ono, ndinawapeza pakhonde akusoka pilo, ndinawapatsa felemu yawo osawauza kuti ndi ndani. Anapukuta mandala awo ndi nsonga ya mpango. Anachiyandikiza, anachitalikitsa, anayang'ana nthawi yaitali ndithu. Anayamikira mkanda. Anati diresiyo ndi yodula. Kenako anandifunsa, "Nanga mayi wokongolayu ndani? Ndi apongozi ake a mlongo wako?"

Ameneyo ndi munthu amene anafunda bulangete limodzi ndi amayi kuyambira ali ana, amene anawatseka maso pamodzi ndi ine.

Ndinawauza kuti ayi, si apongozi anu achimwene, ndi mayi anu inuyo. Anati, "Mayi ake ati?" Ndinati amene munawapeza kutauniko. Anandiyang'ana, anandibwezera felemu, n'kupitiriza kusoka.

Zonse ziwiri ndazikulunga, zikubwera ndi basi ya Lachitatu. M'nyumba ya amayi simungalowe mlendo amene iwo sanamudziwe. Muwasunge bwino mayi anuwo, achimwene. Sadzadwala, sadzagwa kubafa, sadzakuitanani. Anga ndinawaika m'manda mu Januwale.

Ndine mlongo wanu.